Mlandu wa Pansi pa Khitchini ya Nasoko

Ku Sitifikira, dziko lomwe olemba mapu analidumpha, munthu sayeza kanthu ndi tepi. Amayeza ndi thupi la mfumu. Mpando umalekeza m'bondo mwa mfumu, tebulo m'chiuno mwa mfumu, khomo pamwamba pa chisoti chake. Makolo anakonza choncho kuti pasamakhale mikangano, ndipo mikangano panalibedi, chifukwa mafumu akale ankakula n'kulekeza monga anthu ena onse.

Mfumu Mlongoti Wachiwiri yokha ndiyo sinalekeze. Chaka chilichonse mvula ikatha pamakhala Tsiku la Kuyeza. Mfumu imaima kuseri kwa katani, pafupi ndi mzati wa mbawa, Nduna ya Miyeso n'kulowa ndi mpeni kukadula chizindikiro. Nduna yoyamba inatuluka n'kulengeza kuti mfumu ili chimodzimodzi ngati chaka chatha. Tsiku lomwelo inakwezedwa paudindo n'kutumizidwa kukayeza kuya kwa dziwe la ng'ona, ndipo lipoti lake likudikiridwabe. Kuyambira pamenepo mfumu yakhala ikukula chala chimodzi pachaka, koma m'zaka za chilala imakula zala ziwiri pofuna kulimbitsa anthu mtima. Pomwe nkhani ino inkachitika n'kuti italamula zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo panalibe amene anaionapo ili chiimire, poti inkayenda pa machila otchinga.

Anthu anazolowera. Ana asukulu ankalemba mayeso miyendo ili lendelende. Mabokosi a maliro anatalika mpaka anamfedwa ankaika mapilo kumiyendo kuti malemu asamatsetsereke popita kumanda. Mathalauza onse ankabwera ndi miyendo ya mfumu, ndipo apa ndi pomwe Yotamu Kamtedza ankadyera. Anali telala pakhonde la sitolo ina mumsika wa Gwirapakamwa. Pachiphaso chake panalembedwa kuti ntchito yake ndi kukongoletsa m'mphepete mwa thalauza. Ankakongoletsa ndi sizasi. Tepi yeniyeni, yomwe anamusiyira bambo ake, ankaibisa m'chitini cha mabatani, ndipo akamayeza munthu ankachita ngati akumusasa fumbi.

Mkazi wake, Nasoko, anali wamfupi, wosabisa mawu, wodziwa kukazinga zitumbuwa. Zaka zonse za banja lawo anaphikira pa mafuwa ndi pa mbaula. Anali ndi mbale zisanu ndi imodzi zosweka, zamaluwa m'mphepete, pamodzi ndi makapu ake, zomwe anapatsidwa paukwati. Sanadyerepo n'kamodzi komwe. Zinkakhala m'dengu kunsi kwa bedi, zokulungidwa m'chitenje, kudikira kabati. Choncho mlamu wa mfumu atatsegula kampani ya Makhitchini a Chitukuko, yokhomera makabati, sinki ndi chitofu kukhoma, Nasoko analowa chiperegani ndi amayi anzake, ndipo zitumbuwa za zaka zitatu zinathera komweko.

Amisiri anabwera mwezi womwe Nasoko anatuluka m'chipatala. Sanatuluke chifukwa chochira. Dokotala anamutengera Yotamu pambali n'kunena kuti, “Bambo, pitani nawo kunyumba mayiwa. Chilichonse chomwe angafune muziwapatsa.” Yotamu anathokoza, monga amachitira anthu akauzidwa mawu amenewa, n'kukafuna njinga yakabaza.

Amisiriwo anali atatu, ndipo anabwera ndi ndodo yoyezera yaboma yokhala ndi chidindo cha chaka chomwecho. Anakhoma masiku awiri. Atamaliza, kapitawo wawo anaitana eni nyumba kuti aone chitukuko. Nasoko analowa atatsamira phewa la mwamuna wake. Sinki inamulekeza pamphuno. Chitofu chinali mzere womwewo, moti mphika ukanakhalapo akanangoona kunsi kwake. Makabati oyera, azogwirira zonyezimira, anali m'mwamba kugunda malata.

“Nanga kunsi kwa sinkiku bwanji mwangokhomako thabwa?” anafunsa Nasoko. “Osaikako ngakhale kakabati kamodzi?”

“Mfumu siwerama, mayi,” anatero kapitawo.

“Ndiye ndiziphika bwanji?”

“Ife timakhoma, mayi. Zophikazo ndi za unduna wina.” Anapukuta manja, n'kuwonjezera akutuluka: “Chinanso. Mukangokwera pa mpando, pa ndowa, pa njerwa, kapena pamsana pa bambowa, ufulu wanu wodandaula watha. Komanso ndi mlandu. Wokwera pachinthu m'khitchini ndiye kuti akupikisana msinkhu ndi mfumu.”

Atapita, Yotamu anayang'ana kunja n'kutsitsa mawu. “Nasoko, nditseke chitseko, ndikwere pa mtondo, ndikuikireni mbalezo. Aona ndani?”

“A Telala, mbalezo ndi za yani?”

“Zanu.”

“Kabatiyo?”

“Yanu.”

“Ndiye woyamba kutsegula ndine, ndi dzanja langa, mapazi anga ali pansi. Sindinapse ndi mafuta zaka zitatu kuti ndidzamve kwa inu kuti mkatimo ndi mokongola.”

Yotamu anakumbukira mawu a dokotala. M'mawa mwake anavundikira makina ake osokera ndi thumba, anatenga lisiti, n'kukwera basi yopita ku likulu, ku Bweranimawa.

Ofesi ya Ufulu wa Ogula inali nyumba yabwino ndithu. Pakhoma pake panalembedwa lamulo la mfumu ndi zilembo zikuluzikulu: WOGULA ALIYENSE ALI NDI UFULU WODANDAULA, NDIPO WODANDAULA ALIYENSE ALI NDI UFULU WODIKIRA. Yotamu anagwiritsa ntchito ufulu wachiwiriwo mpaka dzuwa kupendeka. Zenera la kalaliki linayezedwa ndi chifuwa cha mfumu, choncho wodandaula ankalankhula ndi khoma, mayankho n'kumatsika kuchokera kumwamba ngati mvula. Kalalikiyo anali a Khobwe, munthu amene anthu ankamudziwa ndi mawu komanso ndi kunsi kwa chibwano.

“Vuto?” anatero a Khobwe.

“Khitchini yatalika, bwana.”

Cholembera chinasiya kukwecha. “Mwati bwanji?”

“Yatalika.”

“Yalekeza pati?”

“Akuti m'chiuno mwa mfumu.”

“Ndiye mukuti chiuno cha mfumu chili pamalo polakwika?”

Mzere wonse unabwerera m'mbuyo phazi limodzi, Yotamu n'kutsala yekha ngati mbuzi yogulidwa kale.

“Ayi, bwana.”

“Kapena mukuti chili m'munsi kuposa pomwe boma likuchidziwa?”

“Ine chiuno cha mfumu sindinachionepo, bwana.”

“Mwayankha ngati munthu wofuna kukalamba. Ndilemba kuti katundu ali bwino koma wogula ndi woperewera. Bwerani naye Lachinayi wogulayo timuyeze.”

“Akudwala, bwana. Sangakwere basi.”

“Ndiye bwerani ndi khitchiniyo.”

“Ndi yokhomera kukhoma.”

“Ndi khoma lomwe. Katundu amabwezedwa mmene alili. Wina!”

Wotsatirayo anali bambo wina wa imvi, amene anamunong'oneza Yotamu podutsana. “Osagwetsa khoma, achimwene. Langa lili pangolo kuseriku chiyambire mwezi wa masika. Kunyumba tikugona m'makoma atatu. Mpweya wokha ndiye tili nawo wabwino.”

Yotamu sanagwetse khoma, koma sanasiyenso kupita. Anapita Lachinayi, anamuuza kuti abwere Lolemba. Anapita Lolemba, anamupatsa fomu yofunsira fomu. Fomuyo inafuna chidindo cha kampani yomwe ankaidandaulayo, ndipo kukampani anamulandira bwino, anamupatsa madzi akumwa, n'kumuuza kuti wosunga chidindo wapita kumaliro. Munthu ameneyu anali ndi achibale ambiri, ndipo ankamwalira motsatana bwino, mmodzi pa sabata. Anamutumizanso ku Unduna wa Zophika, komwe anapeza kuti undunawo unakhazikitsidwadi, koma nduna yake inali isanapeze nyumba. Tsiku lililonse Yotamu ankadzuka m'mamawa, kuphika phala, kumusiya Nasoko m'manja mwa amayi a kutchalitchi, n'kuthamangira basi. Masabata asanu ndi awiri anatha choncho.

Tsiku lina anabwera dzuwa likadalipo n'kupeza Nasoko atagona pamphasa pakhomo la khitchini, maso ali kumakabati. Miyendo inali itatupa, koma kwinaku anali atatha. Maso a telala sanama: diresi lomwe analibweza kawiri linali litayambanso kukhwepa m'mapewa.

“Ati chiyani lero akuluakulu anu?”

“Akuti fayilo yakwera ku ofesi yam'mwamba.”

“Nayonso? Dziko lino chilichonse chimakwera, kupatula ine.”

“Ati ndipitenso Lachisanu.”

“Phala lam'mawa lija, a Telala, mukanamatira nsapato. Mumaphika maso ali kumsewu.” Anapuma kaye, poti mawu ataliatali anali atayamba kumulemera. “Lero kunabwera mbalame m'khitchinimu. Inakhala pamwamba pa kabati yapakatiyo. Ndinaiuza kuti mwayi ndi wako, mnzanga, iwe wafika.”

Yotamu anaseka kuti amusangalatse, kenako anapita kuseri kwa nyumba n'kukaima nthawi yaitali akuyang'ana mulu wa nkhuni.

M'mawa mwake anadzera kumsika kukagula nsinjiro. Msika wa Gwirapakamwa unali monga mwa masiku onse. Ogulitsa ankakhala pansi pa mabenchi aboma, poti pamwamba pake palibe ankafikapo, ndipo mabenchiwo ankathandiza kwambiri pa nkhani ya mthunzi. Wolengeza wa mfumu anali atangodutsa kumene ndi ng'oma kunena kuti chaka chino madandaulo a ogula atsika ndi theka.

“N'zoona,” anatero wogulitsa makala. “Theka linalo tinaika m'manda Loweruka.”

Wogulitsa nsinjiro anali Nachisale, mnansi wawo komanso mnzake wa Nasoko wa chiperegani, mayi wa manja akuluakulu amene ankayeza ndi kapu yake yakale n'kumaitcha dzanja la mfumu. Anamuyang'ana Yotamu kuyambira kunsapato.

“Alamu, mwatha ngati ndinu mukudwala. Achemwali agona bwanji?”

“Akuchepa, alamu. Ndipo fayilo ikukwera.”

“Khalani pansi apa. Inu mwadula mathalauza zaka zingati?”

“Zoposa makumi awiri.”

“Munayamba mwauzapo munthu kuti thalauza lake latalika?”

“Ndikufuna kufa?”

“Nanga bwanji ku ofesi mukulankhula ngati mwabadwa dzulo? Kuno chinthu sichitalika. Mfumu simungaisumire. Mlamu wake simungamusumire. Ndodo yake ili ndi nduna yakeyake. Munthu wanzeru amasumira chopanda achibale.”

“Ndani alibe achibale m'dziko muno?”

Nachisale anayang'ana uku ndi uku. Anaponda pansi kawiri ndi chidendene, fumbi n'kuti fwa. “Khitchini ili bwino, alamu. Achemwali ali bwino. Chatsika ndi ichi. Tengani nsinjirozo muzipita, anthu akuona ngati ndikukufunsirani.”

Lachisanu Yotamu anaima patsinde pa zenera n'kunena mokweza kuti, “Bwana, ndabwera kudzabweza mawu. Khitchini ija ili pamalo pake. Koma pansi pake panatsika.”

Kenako kunachitika chinthu chomwe odikira akale kwambiri anali asanachionepo: a Khobwe anasuzumira. Anali ndi nkhope ngati munthu aliyense, yotopa, ya maso ang'onoang'ono.

“Panatsika popanda chilolezo?”

“Popanda n'kutsanzika komwe, bwana.”

“Iyi si nkhani ya ogula, bambo. Iyi ndi nkhani ya chitetezo cha dziko.”

Fayilo yomwe inatenga masabata asanu ndi awiri kukwera masitepe khumi inafika ku Bwalo Lalikulu m'masiku atatu.

Bwalolo linadzaza. Nduna zinakhala pamipando yaitali, nsapato zikugwedezeka m'malere. Mlamu wa mfumu anakhala kutsogolo atanyamula kampango. Mfumu inali kuseri kwa katani yofiira, ndipo pambali pa kataniyo panaima Womasulira Chifuwa. Mfumu inali itasiya kulankhula pagulu kalekale. Inkangotsokomola, mkulu ameneyu n'kumauza dziko tanthauzo lake. Woweruza, a Chigwenembe, analamula kuti woimbidwa mlandu aitanidwe. Msilikali anatuluka panja n'kufuula katatu kuti, “Pansi pa khitchini ya Nasoko!” Anabwerera n'kunena kuti woimbidwa mlandu sanabwere.

“Lembani kuti panyoza bwalo,” anatero woweruza. “Wodandaula, fotokozani.”

Yotamu anaimirira. Anaganiza za mapewa a diresi lija, ndipo mawu anabwera.

“Wolemekezeka, khitchini yomwe tinagula ndi yabwino kwambiri. Sinki ili m'chiuno mwa mfumu ndendende. Mkazi wanga akaiyang'ana amasowa chonena, ndipo amene akumudziwa angachitire umboni kuti zimenezi sizichitikachitika. Koma pansi pomwe amayenera kuimapo panathawa.”

“Panatsika liti?”

“Pang'onopang'ono, wolemekezeka. Ngati chala chimodzi pachaka.”

Nduna ya Miyeso, a Chikhatho, inatulutsa thukuta mpaka m'makutu.

“Chaka chilichonse chimodzimodzi?” anafunsa woweruza mosamala, ngati woponda pa mlatho wa mtengo umodzi.

“Kukakhala chilala pamatsika kwambiri, wolemekezeka. Mwina n'kuuma kwa dothi.”

A Chikhatho anatsetsereka pampando n'kutera pansi ndi mapazi onse awiri. Munthu amene wakhala zaka khumi akudula mzati pamalo pomwe palibe mutu amadziwa khomo lothawira akaliona.

“Wolemekezeka, unduna wanga wakhala ukukayikira zimenezi kwa nthawi yaitali! Ndodo zathu sizinalakwepo. Amisiri athu sanalakwepo. Koma paliponse pomwe tayeza, anthu sakufikira. Tinkaganiza kuti ndi ulesi. Lero nzika yokhulupirika yatitsegula maso. Pali chiwembu, ndipo chiwembucho tikuchiponda tsiku ndi tsiku!”

Nduna ya Ulimi inatera nayo. Inati tsopano yamvetsa chifukwa chake chimanga chimaoneka chochepa m'nkhokwe: si chimanga chomwe chachepa, ndi pansi pa nkhokwe pomwe papita kutali. Nduna ya Misewu inapempha kuti maenje a m'misewu asamatchedwenso maenje, koma umboni. Nduna ya Maphunziro inati ana sakulephera mayeso, akungolembera m'munsi. Mlamu wa mfumu analira, akunena kuti kampani yake yanyozedwa zaka zonsezi chifukwa cha dothi losayamika, dothi lomwe mfumu imalilola kukhala m'dziko mwake ulere.

Pamenepo kuseri kwa katani kunamveka chifuwa. Chinali chifuwa chachitali, chonyowa, cha munthu wokalamba, ndipo Yotamu, amene anali atamva zifuwa zambiri chaka chimenecho, anadabwa kuti chikuchokera m'munsi chotero. Anayang'ana nsapato zake.

Womasulira Chifuwa anakweza dzanja. “Mfumu yati yakhala ikuona kwa zaka zambiri kuti anthu ake akuoneka patali, ndipo mtima wake unkawawa. Yati chilungamo chichitike.”

Chigamulo sichinachedwe. Kampani ya Makhitchini a Chitukuko inapezeka yosalakwa ndipo inapepesedwa. Wogula anapezeka wosalakwa ndipo anachenjezedwa. Pansi pa khitchini ya Nasoko panapezeka polakwa pa milandu itatu: kutsika popanda chilolezo, kunyazitsa chiuno cha mfumu, ndi kunyoza bwalo.

“Chilango chake,” anatero a Chigwenembe, “pakwiriridwe. Pakwiriridwe ndi dothi mpaka pasadzaonekenso, kuti pansi pena paliponse patengerepo phunziro. Wokwirira ndi mwini nyumba, pasanathe masiku asanu ndi awiri. Akalephera, alowa m'malo mwake.”

Yotamu anagwada n'kuthokoza. Sanadikire kuti basi idzaze. Anakwera lole ya makala.

Atafika anatsegula chitini cha mabatani, n'kutulutsa tepi ya bambo ake masana dzuwa likuswa mtengo. Anagwada pambali pa mphasa n'kumuyeza Nasoko kuyambira kuchidendene mpaka m'chiuno, kenako kuyambira kuchidendene mpaka kunsonga ya chala atatambasula mkono.

“Mukundiyeza bokosi, a Telala?”

“Ndikukuyezani khitchini. Tambasulani bwino.”

“Zaka zonsezi simunandiyezepo mwaulemu chonchi. Mumangoti ndikudziwa kale.”

Anthu a ku Tilipansi, komwe ankakhala, atamva kuti pali wolakwa wofunika kukwirira, anabwera mwaunyinji, poti mwayi wolanga wina movomerezeka sunkabwera kawirikawiri. Amuna anakumba chulu cha kuseri kwa tchalitchi n'kumatuta ndi mawilibala. Amayi anatuta ndi ndowa, kuwaza madzi, n'kumasinja dothilo ndi misi mpaka linalimba ngati mwala. Wogulitsa makala uja ankati akathira wilibala n'kunena kuti, “Udzatsikenso tione.” Simenti sanaike. Simenti imafuna masiku kuti iume, ndipo aliyense amene anasuzumira pamphasa paja anadziwa kuti masiku ndiwo panalibe. Anangozira ndi dothi lakuda lakudambo. Pansi panakwera kupitirira bondo, khomo la khitchini n'kufupika, moti anaika masitepe awiri anjerwa ndipo wolowa ankayenera kuwerama.

Loweruka m'mawa dothi linali litauma. Nasoko anati amuveke diresi labuluu ndi mpango wake wa kutchalitchi. Yotamu anamunyamula, ndipo anapepuka ngati mtolo wa nsalu. Anawerama naye pakhomo, anakwera masitepe awiri aja, n'kumuimika.

“Ndisiyeni.”

Anamusiya, manja ali pafupi.

Nasoko anaima. Sinki inamulekeza m'chiuno. Anaika zikhato zonse ziwiri pachitsulo chozizira, n'kuyang'ana mkati mwake nthawi yaitali ngati munthu woona nyanja koyamba. Anapotokola mpopi. Unapuma mpweya, n'kudontha dontho limodzi.

“Madzi ndi Lachiwiri,” anatero wina pakhomo.

“Ndaona podzera pake, basi,” anatero Nasoko. Anasisita chitofu. “A Telala, dengu lija.”

Yotamu anabwera nalo n'kumasula chitenje. Amayi omwe anadzaza pakhomo ndi pazenera, amene masiku atatu onsewa sanatseke pakamwa, anangoti zii. Nachisale anayamba kuyang'ana zala za kumapazi kwake. Yotamu anaziona zimenezi koma sanazimvetse.

Nasoko anatambasula mkono, mapazi ali pansi, n'kugwira chogwirira cha kabati yapakati. Chitseko chinatseguka mofewa, popanda phokoso.

Mkati munalibe shelefu. Munalibe thabwa lakumbuyo. Munali khoma lake lomwe lija, la mwaye wa zaka zonse zomwe anaphikira pa mbaula mvula ikamagwa. Kunsi kwake, komwe munthu woima pansi ankaona koyera bwino, kunali katoni ya sopo yopakidwa penti mbali imodzi. Anaigwira ndi chala, n'kubonyoka. Anatsegula kabati yachiwiri. Anatsegula yachitatu. M'yachitatumo munali chitsa cha ndudu.

“Nachisale,” anatero Nasoko osatembenuka, “yako ili chonchi?”

“Ili choncho, achemwali. Ndinakwera pa ndowa chaka chatha.” Anayang'ana amayi anzake. “Tonse tinakwera. Anasiya kalekale kupanga zamkati. Angapangirenji, poti wofikako palibe? Ndipo wonena ndiye kuti waulula kuti anakwera.”

“Ndiye osandiuza?”

“Tikanakuuzani bwanji? Inu ndinu nokha munali ndi choyembekezera.”

Yotamu anaika dengu pansi pang'onopang'ono kuti manja ake asaswe kanthu. Mawu ake anatuluka ngati a munthu wina.

“Lolemba ndikupita. Apa ndiye sathawa. Sitinakwere pa ndowa ife, sitinakwere pa mpando. Taona tili chiimire pansi, pansi povomerezedwa ndi Bwalo Lalikulu. Ndife oyamba m'dziko lonse lino kuona zimenezi mwalamulo. Ndikatenga katoniyi, ndikatenga mboni, ndikafika mpaka pakatani pomwe!”

Ndipo ankanena zoona. Mlandu wotere unali usanapezekepo ku Sitifikira, ndipo amayi a pakhomo paja anayamba kung'ung'udza movomereza.

Koma Nasoko anali akuseka. Anagwira m'mphepete mwa sinki n'kuseka mpaka misozi, mpaka kuseka kunasanduka chifuwa, Yotamu n'kumugwira m'chiuno. Atapeza mpweya anapukuta maso ndi nsonga ya mpango.

“Zitumbuwa zanga,” anatero. “Zaka zitatu. Ndagula zitseko.” Anasekanso pang'ono. “Koma ndi zitseko zabwino, a Telala. Mwamva mmene zikutsegukira?”

“Nasoko, anthu amenewa ayenera...”

“A Kamtedza.” Sankamutchula choncho kawirikawiri. “Masabata asanu ndi atatu ndakhala ndikuona msana wanu ukutuluka pakhomo. Ndaudziwa bwino tsopano msanawo. Mlanduwo mwina mukawina, mwina chaka chamawa. Ine Lolemba ndikufuna munthu woti azindiphikira phala maso ali pamphika. Muli ndi msomali?”

Yotamu anayang'ana katoni yobonyokayo, n'kuyang'ana mkazi wake. Wina anapatsira msomali ndi hamala kudzera pazenera. Anaukhoma pakhoma lamwaye, mkati mwa kabati yapakati, pomwe Nasoko analoza.

Nasoko anasankha kapu imodzi m'dengu, anaipukuta ndi chitenje, anatambasula mkono n'kuikoleka pamsomalipo. Inagwedezeka pang'ono, n'kukhazikika. Anaiyang'ana, mutu ataupendeketsa, kenako anatseka chitseko ndi dzanja lake.

“Eya,” anatero. “Tsopano ndinyamuleni, miyendo yatopa.”

Lolemba Yotamu anakhala pakhomo. Anakhalanso Lachiwiri, ndi masiku ena khumi ndi limodzi otsatira, omwe ndi onse amene Nasoko anatsala nawo.